Bambo Anga Pakati pa Mitengo ya Mayina

Pachipata anatiuza kuti titsuke nsapato.
Kabeseni ka mankhwala, burashi yomangirira ku chingwe,
kuopa kuti tingalowetse matenda a dothi la kwina.
Bambo anaseka, nati,
zaka makumi atatu ndinkalowa m'nkhalango sowo ili paphewa,
palibe anandifunsapo za kuphazi.
Koma anatsuka ndithu, chidendene mpaka kutsogolo,
mwaulemu ngati akulowa m'tchalitchi cha ku Corral.

Mvula ya kumwera kwa Chile sigwa, imangokhala.
Inakhala pa magalasi a sola padenga la ofesi,
magalasi odikira dzuwa ngati nkhuku zonyowa,
kenaka n'kutsetsereka m'mipaipi mpaka m'thanki,
madzi omwewo amene Rayén, mtsikana wotiperekeza,
anawiritsa n'kutithirira m'chikho cha mate.

Njira yake ndi ya matabwa osakhala matabwa.
Mabotolo akale osungunula, anatero Rayén,
palibe mtengo unagwa kuti inu muyende pouma.
Bambo anagogoda ndi ndodo yawo, nagogodanso.
Silikuyankha, anatero. Thabwa lenileni limayankha.

Mtengo uliwonse uli ndi kachikwangwani kake,
dzina la Chilatini lotalika kuposa nthambi.
Ine ndinkawerenga mokweza
poti maso awo anayamba kuchita nkhungu chaka chatha.
Pa wina anaima, natola tsamba logwa lokha,
nalifikisa pakati pa zala, nanunkhiza.
Wolembayo waphonya, uyu si amene mwamutchulayo,
ndi m'bale wake wa ku Chiloé.
Rayén anayang'ana tsamba, anayang'ana nkhalamba,
anatulutsa kabuku m'jekete nalemba.
Mbalame ya chucao inalira pansi pa zitsamba,
osaoneka, ngati mboni yamanyazi.

Chimbudzi chawo n'chopanda madzi.
Ukatha umathira utuchi, chikho chimodzi.
Anatulukamo akutsokomola ndi phwete:
utuchi womwe unandidya mapapo
lero auika m'ndowa ya chivundikiro!

Kenaka tinafika kwa alerce wamkulu,
wotchingidwa ndi chingwe ngati mwana wodwala,
iye amene anali kale nkhalamba
agogo a agogo athu asanaphuke mano.
Ndinaona manja a bambo akutambasuka okha,
milomo ikuwerenga chamumtima
timatabwa tingati ta denga tingatuluke apa.
Atazindikira, anabweza manja m'matumba
ngati munthu wogwidwa akusuzumira m'nyumba ya eni.

Ndikanati chiyani ine?
Denga lomwe ndinabadwira pansi pake
linali mnofu wa mtengo ngati uwu.
Yunifomu yanga, makope anga, dzino lomwe anandimata ku Valdivia,
zonse zinagwa kaye m'phiri ndi mkokomo
zisanafike m'manja mwanga.
Ndinangowakonzera kolala ya jasi.

Kumapeto kuli nazale, denga la pulasitiki likudontha.
Mlendo aliyense amaloledwa kubzala kamodzi.
Kambande kake n'kofupika ngati pensulo yotha,
ndipo Rayén sanabise:
mdzukulu wanu adzachita imvi kasanafike padenga.
Bambo anagwada, mawondo akulira kuposa njira ija,
natsendera dothi ndi chala chachikulu
chomwe theka lake linatsala m'nkhalango ine ndisanabadwe.

Tilembe dzina lanu, a Eleuterio?
Ayi. Lembani Baldomero.
Sanafotokoze. Ine ndikudziwa pang'ono chabe:
mphepo inatembenuka, mtengo unagwera kolakwika,
anamunyamula anthu anayi pa chitseko.

M'basi yobwerera anagona msanga,
mutu ukugunda pawindo mokhota monse.
Mayi wina pambali anandipatsa kansalu konyowa
ataona zikhadabo zawo zili bii.
Ndinathokoza, ndinakapinda bwinobwino,
ndinakaika m'chikwama.